Kupeputsa Citi Golf Kuti Ikathamange pa Bwalo la Mpikisano

Anthu ambiri akafuna kuti galimoto ithamange pa bwalo la mpikisano amathamangira kukonza injini, koma njira yotsika mtengo komanso yopindulitsa kwambiri ndi kuitula katundu amene imanyamula pachabe. Mphamvu ya injini imaoneka makamaka pamalo owongoka, pomwe kupepuka kumathandiza ponyamuka, pokhota ndi poima, ndiponso kumachititsa kuti matayala ndi mabuleki asathe msanga. Colin Chapman, amene anayambitsa kampani yopanga galimoto ya Lotus ku England, anatchuka chifukwa chotsatira mfundo imeneyi. Pano titenga chitsanzo cha Volkswagen Citi Golf, imene inkapangidwa ku Uitenhage m'dziko la South Africa kuyambira 1984 mpaka 2009 potengera Golf yoyamba ya 1974. Galimotoyi ndi yosavuta kuiphwasula, zipangizo zake sizisowa, ndipo imapezeka pa mabwalo ngati Zwartkops pafupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town.

Musanagwire sipanala, werengani malamulo a gulu limene mukufuna kuthamangamo. Ku South Africa mipikisano yovomerezeka imayang'aniridwa ndi bungwe la Motorsport South Africa, ndipo magulu ambiri amaika kulemera kumene galimoto siyenera kutsika kupyola pamenepo. Ndi zomvetsa chisoni kudula zitseko ndi kutaya mawindo, kenako n'kuuzidwa kuti mumangirire zitsulo zolemera pansi kuti mufike pa mlingo. Ganizaninso ngati galimotoyo idzayendebe mumsewu wa anthu onse, chifukwa yankho lake ndi limene lingakuuzeni zoyenera kusiya. Mukatero, ikwezeni pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake ndi kuchuluka kwa petulo amene ali m'thanki, popeza lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 750.

Yambani ndi zimene zimachoka ndi sipanala yokha: mpando wakumbuyo ndi malamba ake, tayala lapadera, jeke, makapeti, wailesi, masipika, nsalu yakudenga ndi mapulasitiki ophimba m'mbali. Mabawuti a chinthu chilichonse aikeni m'kathumba kawokawo kolembedwa dzina, ndipo jambulani zithunzi musanamasule. Kapeti ikachoka, yang'anitsitsani pansi pa galimoto, makamaka popondera mapazi ndi m'munsi mwa zitseko, chifukwa dzimbiri limabisala m'menemo, ndipo palibe nzeru kumangirira mpando kapena zitsulo zotetezera pa chitsulo chofumbwa.

Ntchito imene imadya nthawi ndi yochotsa phula limene opanga galimoto amamata pansi kuti lichepetse phokoso. Ena amalitenthetsa ndi chipangizo chouzira mpweya wotentha n'kumapala, koma likafewa limamatirira paliponse ndipo limanunkha. Ine ndimakonda kugwiritsa ntchito dry ice, womwe ndi mpweya wa carbon dioxide woundana, wozizira pafupifupi madigiri 78 kunsi kwa ziro. Muuphwanye tizidutswa, muuyale pamwamba pa phulalo, mudikire mphindi zingapo mpaka mumve likuthetheka, kenako mumenye pang'onopang'ono ndi hamala ya labala; phulalo limasweka n'kuchoka m'zibenthu zikuluzikulu. Valani magolovesi okhuthala chifukwa kuzizira kwake kumapsereza khungu, ndipo tsegulani zitseko zonse za galaja, pakuti mpweyawu ukachuluka m'chipinda chotseka munthu amatha kukomoka asanazindikire. Pamalo pamene penti yapalika pakanipo ina tsiku lomwelo.

Pa mawaya ndi pamene ambiri amalakwitsa. Musadule waya chifukwa chakuti simukudziwa ntchito yake. Yambani mwachotsa batire, zulani pulagi ya chinthu chimene mwachotsa, lumikizaninso batire n'kuliza injini, ndipo mukatsimikiza kuti zonse zikugwira ntchito ndi pamene mungatsate wayayo mpaka kumene wachokera n'kumuchotsa. Ngati galimotoyo ili ndi makina oziziritsa mkati, gasi wake akachotsedwe ndi amisiri okhala ndi zida zake, asatayidwe mumlengalenga. Koma pali zinthu zimene ndikukulangizani kuti muzisiye ngakhale zikulemera: mawaipa, magetsi a mabuleki, ndi kachipangizo kouzira mpweya pa galasi lakutsogolo, chifukwa tsiku la mvula galasi likachita nthunzi, makilogalamu awiri amene munapulumutsa sadzakuthandizani kuona kona. Mawindo am'mbali ndi akumbuyo mungawasinthe ndi pulasitiki yolimba ya polycarbonate ngati malamulo akulola, koma lakutsogolo likhalebe lagalasi. Mizati yogwira denga ndi zitsulo za m'munsi mwa zitseko musazikhudze n'komwe.

Gawo lina la kulemera kumene mwachotsa liyenera kubwereramo ngati chitetezo, ndipo apa sipofunika kuumira ndalama. Khola la mapaipi achitsulo lotchedwa roll cage lipangidwe ndi mmisiri wodziwa kuwotcherera za mpikisano, ndi mapaipi opanda msoko a muyezo umene malamulo akunena, ndipo paliponse pamene mutu ungagunde pakutidwe ndi zofewa zake zapadera. Kholali, mpando wosapindika, malamba a nsonga zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndi chisoti zimagwira ntchito limodzi. Malamba otere opanda khola amaimika thupi chilili pamene denga likuphwanyika, ndipo khola popanda chisoti limasanduka chibonga pafupi ndi mutu, n'chifukwa chake galimoto yotere siyeneranso kunyamula banja. Malamba a m'mapewa amangidwe kumbuyo molingana ndi mapewa kapena motsikirako pang'ono, osati pansi penipeni, chifukwa pangozi angapanikize msana. Onjezani chozimitsira moto pamalo pamene dzanja likufika mutamanga malamba, siwichi yozimitsira magetsi onse, ndi zokokera kutsogolo ndi kumbuyo. Mukasamutsira batire kumbuyo, likhale m'bokosi lotseka lomangidwa ndi mabawuti, ndipo fyuzi ikhale pafupi nalo.

Galimoto yopepuka simayenda ngati mmene inkayendera kale. Zambiri zimene mwachotsa zinali kumbuyo, choncho kumbuyoko kumakwera, ndipo matayala akumbuyo amatha kumangika msanga mukaponda mabuleki mwamphamvu. Konzani kutalika kwa masipuling'i, kawongoletseni matayala, ndipo yezani kulemera kwa tayala lililonse inuyo mutakhala pampando. Tsanulani mafuta akale a mabuleki, chifukwa amayamwa chinyezi n'kumawira msanga, ndi kuthiramo atsopano a mtundu wotchedwa DOT 4, amene sawira asanafike madigiri 230. Tsiku loyamba pa bwalo zungulirani mofatsa kangapo, kenako bwererani mukaone ngati mabawuti a mpando, a malamba ndi a matayala akadali olimba musanawonjezere liwiro.