Mwagula nyumba yakale ku America? Umu ndi momwe mungayendere ndi komiti yoteteza nyumba zamakedzana

Abale athu ena kuno ku America, monga ku South Bend ku Indiana komwe Amalawi tilipo ochuluka ndithu, akafika poti agule nyumba amathera pa nyumba zakale chifukwa nde zomwe mtengo wake umafikirika. Mavuto amayamba munthu akalowa, chisanu chafika, mawindo amatabwa aja akulowetsa mphepo, waitana kontilakita azule aike apulasitiki, kenako kalata yabwera yoti imitsani ntchito. Kalata ngati imeneyo kumbuyo kwake kumakhala komiti yomwe matauni ambiri amaitcha Historic Preservation Commission. Komitiyi ili ndi mphamvu zenizeni koma imayendera malamulo olembedwa, ndipo munthu amene wadziwa momwe inakhalira savutika nayo kwenikweni.

Choyamba fufuzani kuti nyumba yanu inalembedwa pati

Apa mpomwe anthu amasokonezeka. Pali kaundula wa dziko lonse, National Register of Historic Places, amene anabwera ndi lamulo la 1966, nde palinso madera amene tauni yokha yawateteza, amati local historic district. Nyumba ikakhala mu National Register basi, boma la federal silikuletsani kuisintha ndi ndalama zanu, nkhani imabwera pokhapokha ngati pali ndalama kapena chilolezo cha federal. Koma ikakhala mu local district kaya tauni inaitchula payokha kuti ndi landmark, kutanthauza nyumba yofunika kutetezedwa, pamenepo nde komiti ija ili ndi mawu pa pafupifupi chilichonse chooneka kunja. Nyumba imodzi ikhoza kukhala monsemo. Pitani ku ofesi ya planning ya tauni yanu muwapatse adilesi akuonereni pa mapu, ndipo bola kutero musanasaine zogula.

Kenako werengani lamulo lomwe linakhazikitsa komitiyo

Kwathu ku Malawi zipilala ndi nyumba zakale ngati Mandala House ku Blantyre zimayang'aniridwa ndi dipatimenti ya boma lalikulu, koma kuno mphamvu zoletsa kapena kuloleza zili ku tauni. State imapereka chilolezo m'malamulo ake, khonsolo ya tauni nkupanga lamulo lake lokhazikitsa komiti, nchifukwa chake tauni ndi tauni zimasiyana, zomwe anakuuzani mnzanu wa ku Texas musatengere ku Indiana. Mzinda wa Charleston ku South Carolina nde unayamba zimenezi mu 1931. Ku New York anadzidzimuka ataona siteshoni yokongola ya Penn Station ikugwetsedwa kuyambira 1963, nkukhazikitsa komiti yawo mu 1965, ndipo mu 1978 khoti la Supreme pa mlandu wa kampani ya Penn Central, yomwe imafuna kumanga nsanjika pamwamba pa siteshoni ya Grand Central, linagamula kuti mzinda sunalakwe kukana. Ndatchula izi kuti musakataye nthawi ndi mfundo yoti nyumba ndi yanga ndichita zomwe ndikufuna, imeneyo inagwa kalekale kukhoti.

Dziwani amene amakhala mu komitimo

Nthawi zambiri mamembala amasankhidwa ndi meya, khonsolo nkuvomereza. Ambiri salandira malipiro, ndi anthu oti masana ali ku ntchito zawo madzulo nkubwera kudzakhala pa msonkhano, ena ndi maneba anu enieni. Chiwerengero chimakonda kukhala 5, 7 kapena 9 kuti mavoti asamafanane, ndipo amakhala pa mpando zaka zingapo, kawirikawiri zitatu, koma anakonza zoti asamachoke onse chaka chimodzi kuti pazitsala odziwa zomwe zinagamulidwa kale. Lamulo limanenanso mtundu wa anthu ofunika. Ku New York mwachitsanzo ali 11, ndipo payenera kukhala akatswiri ojambula mapulani a nyumba osachepera atatu, wodziwa mbiri yakale, wa zogulitsa nyumba ndi malo, wa mapulani a mzinda kapena a malo, komanso munthu wochokera ku chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu za mzindawo. Matauni ang'onoang'ono sangapeze akatswiri onsewo nde amatenga aphunzitsi opuma, akalipentala, eni mashopu, bola akhale ndi chidwi ndi nyumba zakale. Ya ku South Bend imagwira mzinda ndi St. Joseph County pamodzi.

M'matauni ambiri mamembala amasankha okha wapampando ndi wachiwiri wake, ali ndi malamulo a kayendetsedwe ka misonkhano, ndipo akapanda kukwana chiwerengero sangavote, nkhani yanu imadikira mwezi wina. Membala amene ali ndi phindu pa nkhaniyo, kaya ndi iye anajambula pulani yanu kaya nyumbayo ndi ya m'bale wake, amayenera kudzipatula osavota. Matauni amene komiti yawo yakwaniritsa zofunika amalowa mu pulogalamu ya Certified Local Government yomwe inayamba ndi kusintha kwa lamulo mu 1980, ndipo state iliyonse imayenera kupatula 10 peresenti kapena kuposa ya ndalama zomwe imalandira ku thumba la federal la ntchitoyi kupita ku matauni amenewa.

Yambirani kwa wogwira ntchito mu ofesi

Kupatula mamembala pamakhala munthu wolembedwa ntchito ndi tauni, iyeyu savota koma ndi amene amalandira mafomu, kukaona nyumba ndi kulemba lipoti lomwe mamembala amawerenga. Muoneni musanagule olo msomali umodzi, zili ngati kukaonekera kwa nyakwawa musanayambe kukumba maziko. Ntchito zing'onozing'ono monga kukonza masitepe ndi matabwa ofanana ndi akale m'matauni ambiri amavomereza yekha osadikira msonkhano. Ine ndimaona kuti ulendo umodzi umenewu nde umapulumutsa ndalama zambiri kuposa china chilichonse m'nkhaniyi.

Lembani fomu ya Certificate of Appropriateness

Chimenechi nde chikalata chomwe mukufuna, chilolezo cha komiti choti mugwire ntchito pa nyumbayo. Muikemo zithunzi za nyumba mbali zonse ndi zapafupi zoonetsa pomwe pawola, pulani kapena chojambula chokhala ndi miyeso, ndi pepala la kampani losonyeza zipangizo zomwe mukufuna kugwiritsa ntchito. Makomiti ambiri amatsamira pa mfundo 10 za boma la federal zotchedwa Secretary of the Interior's Standards for Rehabilitation, ndipo ya nambala 6 imati chinthu chakale chikaonongeka chikonzedwe osati kuchotsedwa, chikakanika kukonzeka cholowa m'malo chifanane nacho.

Nde tibwerere ku mawindo aja poti mpomwe pamakhala mkangano waukulu. Windo lakale lamatabwa lija limakwera ndi kutsika ndi chingwe chomangidwa ku chitsulo cholemera chobisika m'mbali mwa felemu, chingwe chikaduka windo limangogwa lokha, phala logwira galasi likauma nkugumuka mphepo imalowa, munthu nkumati latha ntchito. Tengani sikuludilaiva mubaye thabwa la pansi, ikalowa ngati mu mbatata yophika ndiye kuti lawoladi, jambulani chithunzi. Ikakana kulowa windolo ndi lamoyo, likungofuna chingwe, phala latsopano ndi windo lachiwiri lotchinga mphepo, ndipo matabwa a nthawi imeneyo ndi olimba kuposa ambiri a masiku ano. Komiti ikaona umboni woti mwayesa zimenezi imamva msanga. Musamale popala penti, nyumba zomangidwa isanafike 1978 zambiri zili ndi penti wa lead (mtovu) amene fumbi lake ndi loopsa kwa ana.

Zamkati monga khitchini ndi bafa kawirikawiri sizikhudza komiti. Mtundu wa penti ena amayang'ana ena ayi, funsani.

Pitani ku msonkhano nokha

Misonkhano ndi ya poyera, ajenda imatuluka pasadakhale ndipo maminitsi aliyense akhoza kuwerenga. Werengani a miyezi yapitayi muone anagamula bwanji nkhani zofanana ndi yanu, komanso ngati mungathe kakhaleni pa msonkhano umodzi musanafike tsiku lanu. Dongosolo lake, wa mu ofesi uja amafotokoza lipoti, inu mumaitanidwa kutsogolo kutchula dzina ndi adilesi nkufotokoza mbali yanu, maneba amapatsidwa mphindi zochepa, kenako mamembala amakambirana inu mukumva nkuvota. Akhoza kuvomera, kuvomera koma ndi zoti musinthe, kukana, kapena kuimitsa kaye kuti mubweretse zina. Musatumize kontilakita yekha chifukwa akafunsidwa ngati mungalole kusintha pang'ono sangakuyankhireni.

Chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani, musaimbire membala pambali kapena kumupatsa kamphatso. Kwa ife kukamuona munthu kaye ndi ulemu, koma pa nkhani yomwe akaigamule m'matauni ambiri nzoletsedwa, amayenera kukaulula pa msonkhano ndipo pena amasiya kuvota, inu nkutaya voti yomwe mwina ikanakhala yanu.

Akakana musakwiye nkuyamba ntchito usiku

Mwayi wa apilo ulipo, kwina umapita ku khonsolo, kwina ku bodi ina, kwina ku khoti, koma masiku ake amakhala ochepa nde onani pa kalata yokanayo tsiku lomwelo. Malamulo ambiri alinso ndi gawo la munthu amene zomwe komiti ikufuna zingamusaukitse, kungoti amafuna mapepala, makoteshoni a makontilakita angapo osati mawu apakamwa. Kugwira ntchito popanda chikalata kumabweretsa chindapusa ndipo akhoza kukulamulani kuchotsa zomwe mwaika. Mukapata chikalatacho pemiti yomangira imafunikabe payokha. Amene nyumba yanu yakale ndi ya lendi kapena bizinesi funsaninso za 20 peresenti yomwe federal imachotsera pa msonkho mukakonza motsata mfundo zija, koma ya nyumba yogonamo nokha siilowa, pokhapokha state yanu ikhale ndi pulogalamu yakeyake.

Ndipo mukakhazikika lowanimo mu komitimo

Mipando imatseguka nthawi ndi nthawi ndipo fomu yofunsira imapezeka ku ofesi ya meya kapena ya kalaliki wa tauni. Ndimafunitsitsa anthu athu atamalowa, chifukwa komiti ikamakambirana za denga la madola masauzande ambiri pamafunika wina pa tebulo amene akudziwa moyo wa banja logwira mashifiti awiri nkumatumizanso ndalama kumudzi. Matauni ena amangofuna kuti mukhale wokhala m'tauniyo, ena amafuna wolembetsa kuvota kutanthauza kuti mukhale nzika, nde onani kaye ndime imeneyo mu lamulo lija musanalembe fomu.