Mwana wanu akukapangidwa opareshoni ya mtima? Momwe mungayendere naye kuyambira pa echo mpaka kubwerera kunyumba

Tsiku lomwe adokotala anandiuza kuti mwana wanga ali ndi bowo mumtima ndinangomva mawu awiri basi, bowo ndi mtima, zina zonse zomwe amafotokoza sizinalowe. Anali ndi zaka 3, kusikelo samakwera, akathamanga pang'ono wefuwefu, ndipo ali khanda amayamwa pang'ono nkusiya thukuta lili kamukamu pachipumi ife nkumati ndi kutentha. Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto la mtima, nde musamve za anthu oti mwalodzedwa kapena mayi analakwitsa china ali oyembekezera.

Choyamba, dziwani dzina la vutolo

Echo ndi sikani ngati ija ya amayi oyembekezera koma amaunika mtima, sipweteka. Akamaliza musatuluke ndi mawu oti "ali ndi vuto la mtima" okha ayi, apempheni adokotala akulembereni dzina lake mubuku lakuchipatala, kaya ndi VSD kapena ASD omwe ndi mabowo pakati pa zipinda za mtima, kaya ndi PDA kamtsempha komwe kamayenera kutsekeka mwana akangobadwa koma sikanatseke, kapena Tetralogy of Fallot ija imachititsa milomo ndi zikhadabo kuda. Akujambulireni papepala, musachite manyazi. Mabowo ena ang'onoang'ono amatsekeka okha mwana akamakula, ena amatsekedwa polowetsa kapaipi kopyapyala mumtsempha wa mphechepeche mpaka kukafika kumtima osang'amba pachifuwa, ena nde amafuna opareshoni yotsegula chifuwa. Funsani kuti wanuyo ndi wa njira iti komanso angadikire nthawi yaitali bwanji.

Gulani kope. Pepala lililonse lomwe mwapatsidwa lijambuleni pafoni nkulitumiza pa WhatsApp kwa m'bale wanu, mapepala amasowa.

Kachiwiri, za ulendo yambani lero

Ana a vuto la mtima amaonedwa kuzipatala zikuluzikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, koma maopareshoni akuluakulu otsegula mtima ambiri amatumizidwa kunja kudzera ku Unduna wa Zaumoyo kapena mabungwe othandiza, kwambiri ku India, ndipo ku Dar es Salaam kulinso Jakaya Kikwete Cardiac Institute komwe amapanga maopareshoni a mtima a ana. Mndandanda wodikira umakhala wautali koma foni ikabwera imabwera mwadzidzidzi, nde pasipoti ya mwana ndi ya gadiyani yambani kukonza pomwe mwangolembedwa dzina. Ku India wodwala amafuna medical visa, womuperekeza medical attendant visa. Nambala yomwe mwasiya kuchipatala izikhala yoyaka, mukasintha simu kanenenso.

Kachitatu, podikira

Mankhwala ngati furosemide, aja amakodzetsa kuti madzi asadzadze m'mapapo, muziyeza ndi sirinji osati supuni yatiyi, ndipo mwana akakwera sikelo funsani ngati mlingo usinthe. Azigona muneti, katemera asaphonye. Chomwe chinandidabwitsa ine ndi mano. Dzino lobooka limatha kutumiza tizilombo m'magazi nkukakhazikika mumtima, nde kaonetseni mano opareshoni isanafike. Ngati agogo anamumwetsako mankhwala azitsamba kapena kumutemera mphini auzeni adokotala chilungamo, iwo akufuna adziwe zomwe zili m'thupi la mwana asanamugoneke ndi mankhwala pa opareshoni. Wa Tetralogy akada milomo mwadzidzidzi akulira, mupindireni mawondo pachifuwa, mutontholetse, nkuthamangira kuchipatala.

Chimfine, chifuwa kapena kutentha thupi tsiku likayandikira, nenani. Inde akhoza kusintha tsiku ndipo zimawawa mutadikira miyezi, koma kupatsa mwana wa chifuwa mankhwala ogonetsa nkoopsa.

Kachinayi, muuzeni mwana zoona

Apa nde timalakwitsa ambirife. Timakula tikuopsezedwa kuti "ukapanda kudya ndikakubayitsa jakisoni kwa adokotala", kenako tsiku lopita kufiyeta timunamize mwana kuti tikupita kutauni kukagula nsapato. Ine ndinapangapo zimenezi tsiku lokatenga magazi, ndinati sizipweteka, zinapweteka, ndipo kwa masabata angapo ndikangoti tiye amathawira kuseri kwa chitseko. Mwana mukamunamiza kamodzi, mawa mukadzamuuza zoona kuti "izi sizipweteka" sadzakhulupirira, ndipo muwodi mudzafuna kwambiri kuti azikukhulupirirani.

Wa zaka 2 kapena 3 muuzeni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri chifukwa sadziwa kuwerenga masiku, wa zaka 5 kapena 6 mutha kuyamba kutatsala sabata kuti akhale ndi nthawi yofunsa. Mawu ake akhale ochepa: "Mtima wako uli ndi kabowo, adokotala akakonza kuti uzithamanga osatopa. Akakupatsa mankhwala ogonetsa, sudzamva kanthu, ukadzuka undipeza. Pachifuwa pazidzawawa koma kuli mankhwala ake." Mawu oti akakung'amba kapena akakudula asiyeni. Muuzenso kuti sanalakwe chilichonse, ana amaganiza kuti chipatala ndi chilango. Tengani chidole muchimange bandeji, iye akhale dokotala, mudzamva mantha ake akutuluka m'masewera momwemo. Akulu ake ndi azing'ono ake auzeninso, asamangomva manong'onong'o a anthu akuluakulu.

Kachisanu, tsiku la fiyeta

Adzakuuzani nthawi yosiya kudya. Kawirikawiri chakudya, phala ndi mkaka wachitini amasiya maola 6 opareshoni isanayambe, bere maola 4, madzi oyera maola 2, koma tsatirani zomwe anesi anu anena. Alira, akupemphani, mtima wanu usweka, koma musamubisire olo kabisiketi, chifukwa akasanza ali mtulo ta mankhwala zimalowa m'mapapo. Fomu yovomereza musasayine musanamve, pemphani akumasulireni. Mutengereni chitenje chanu chomwe mwavalapo, fungo lanu limamukhazika mtima pansi. Pakhomo la fiyeta tsanzikani mwachidule nkhope ili bwinobwino, mwana amayang'ana maso anu kuti adziwe ngati zinthu zili bwino. Kulira mukalire chitseko chikatsekeka, ine ndinalira mpaka mayi wina osamudziwa anandipatsa tiyi wa mufulasiki yake. Opareshoni imatenga maola angapo, kuchedwa sikutanthauza kuti zavuta. Idyani kanthu, usiku ukubwerawo ndi wautali.

Kachisanu ndi chimodzi, ku ICU (chipinda cha odwala kwambiri)

Ndikanakonda munthu akanandiuza izi. Mudzamupeza atatupa nkhope, paipi yopumira mkamwa, mapaipi ena otulutsa madzi ofiira pansi pa bala, madiripu m'manja ndi pakhosi, paipi yamkodzo, mawaya, makina akungolira. Zonsezo nzachizolowezi ndipo amachotsa chimodzichimodzi masiku akamapita. Makinawo amalira olo kawaya kangosuntha, nde muziyang'ana anesi, ngati sakuthamanga inunso khalani pansi. Sambani m'manja nthawi iliyonse musanamugwire, mugwireni phazi kapena mutu, muyankhuleni, muyimbireni nyimbo yomwe mumamugonekera kunyumba. Ngati akuyamwa muzifinya mkaka kuti usaume. Inu ndi amene mumadziwa kulira kwake kwa njala ndi kwa ululu, mukaona akukwinya nkhope kapena akuopa kupuma kwambiri auzeni anesi. Akadzuka akhoza kukukanani, kutembenukira kukhoma osakuyankhani. Wakwiya, zimatha.

Wa kapaipi ka mphechepeche zake nzachidule, amafunika agone chagada mwendo uli wowongoka kwa maola 4 mpaka 6, apa makatuni apafoni amagwira ntchito. Muziona ngati pabalapo pakutuluka magazi, pakutupa kapena mwendo wazizira. Ambiri amatuluka mawa lake.

Chomaliza, kunyumba

Fupa lapachifuwa limatenga pafupifupi masabata 6 kuti ligwirane. Nthawi yonseyo osamunyamula mkhwapa, ndipo kaja timachita komukoka dzanja limodzi pomuponya kumbuyo nkoletsedwa, lowetsani dzanja limodzi kumatako lina kumsana. Zobereka ndi chitenje funsani adokotala musanatuluke chifukwa chifuwa chake chimatsamira pamsana panu. Auzeni onse apakhomo, wantchito, azakhali, ngakhale ankolo aja amakonda kuponya ana m'mwamba. Bala lizikhala louma ndi laukhondo, osapakapo vaselini, phulusa kapena mankhwala achikuda. Odzazonda abwera ambiri, wachimfine aimire pakhomo, akhumudwe kaya.

Thupi likatentha musangoti ndi malungo nkukagula mankhwala pagolosale, pitani kuchipatala mukanene kuti mwanayu wapangidwa opareshoni ya mtima tsiku lakuti. Chimodzimodzi bala likafiira kapena kutuluka mafinya, akamapuma mothamanga, akatupa nkhope kapena mapazi, akamasanza kapena kukana kudya. Mankhwala osasiya chifukwa akuoneka bwino, ndipo masiku a cheki osaphonya, akamakula adzafunikabe echo. Kukodza pogona, kudzuka usiku akulira, kukakamira pamwendo panu ngati khanda, zimenezi zimachitika kwa masabata angapo, osamukalipira.

Wanga chipsera chake amachitcha zipi. Patatha miyezi iwiri vuto linali lomuletsa kukwera mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndinachita kuuza akulu ake kuti azimutchingira mpaka tsiku la cheki litakwana.