Cholinga cha dera chikhale ndi nambala, tsiku ndi mwini wake

Ndakhalapo pa misonkhano yambiri ya chitukuko imene imatha mosangalatsa. Anthu amaomba m'manja, mlembi n'kulemba m'buku kuti tagwirizana kutukula maphunziro, kuchepetsa umphawi ndi kulimbikitsa umoyo wabwino. Chaka chikatha, wina amati zinthu zasintha, wina amati zaipiraipira, ndipo palibe angatsutse mnzake chifukwa poyamba paja sitinawerenge kanthu. Zimandimvetsa chisoni, poti anthu amenewa si aulesi. Amakhetsa thukuta, koma alibe njira yodziwira ngati thukutalo likubala.

Kutukula maphunziro ndi khumbo chabe. Limasanduka cholinga pamene mwagwirizana chimene mukuwerenga, nambala imene mulipo lero, imene mukufuna kufikapo, tsiku lake, ndiponso munthu amene adzabwere ndi nambalayo pa msonkhano. Ena adzakuphunzitsani mawu a Chingerezi oti SMART, amene George Doran analemba mu 1981 pothandiza oyendetsa makampani kulemba zolinga zomveka. Palibe chifukwa chowaloweza, mfundo yake ndi yomweyi. Ngakhale mayiko atagwirizana ku United Nations mu 2015 za zolinga 17 za chitukuko zofika nazo mu 2030, sanalekere pa mitu ikuluikulu. Anaigawa m'timagawo 169 kuti papezeke chowerenga.

Ntchito yoyamba, imene ambiri amaithawa chifukwa ndi yotopetsa, ndiyo kuyenda khomo ndi khomo. Lembani mabanja onse a m'dera lanu, ana onse ndi zaka zawo, amayi oyembekezera, okalamba ndi olumala. Musadalire kaundula wa pasukulu kapena wa kuchipatala yekha, chifukwa mmenemo mumalembedwa amene anafikako. Mwana amene sanapondeko pasukulu mulibe m'buku la aphunzitsi, chonsecho ndi iyeyo amene cholinga chanu chikumufunafuna. Munthu akakuuzani kuti ana 40 alandira katemera, mufunseni kuti 40 mwa angati. Akakhala 40 mwa 42 mwachita bwino, koma akakhala 40 mwa 90 ndiye kuti ntchito siinafike n'pakati pomwe. Nambala yachiwiriyi ndi imene imapezeka poyenda m'makomo.

Pa maphunziro, kulembetsa ana n'kosavuta kuwerenga, n'chifukwa chake makomiti amakukonda. Koma dzina likhoza kukhala m'kaundula mwini wake akuoneka m'kalasi kawiri pa sabata. Ndi bwino kusankha tsiku limodzi pa mwezi, osalengeza, makolo awiri n'kupita kukawerenga ana amene alidi m'kalasi, anyamata paokha atsikana paokha. Mukawaphatikiza, simudzaona msinkhu umene atsikana akuyamba kusowa.

Chachikulu kuposa apo ndi luso la ana lowerenga zolembedwa. Mu 2019 banki ya World Bank ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, anayamba kuyeza maphunziro a mayiko pofunsa ngati mwana wa zaka 10 angathe kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Muyeso umenewu dera lililonse lingaugwiritse ntchito popanda ndalama. Pemphani aphunzitsi alembe kankhani ka mizere isanu kapena isanu ndi umodzi m'chinenero chimene ana amaphunzirira. Mwana awerenge mokweza, kenako ayankhe mafunso atatu a m'nkhanimo. Muyeseni payekha, pamalo pamene sangachite manyazi, ndipo ayesedwenso amene anasiya sukulu. Tiyerekeze kuti mwapeza ana 60 a zaka 10, ndipo okhoza ndi 18. Cholinga chanu chikhoza kulembedwa motere: pofika kumapeto kwa chaka cha sukulu chikubwerachi, ana 30 mwa 60 a msinkhu umenewu adzathe kuwerenga ndi kumvetsa kankhani, ndipo wapampando wa komiti ya sukulu ndiye adzabweretse zotsatira. Musalembe 60 mwa 60. Cholinga chimene aliyense akudziwa mumtima kuti sichitheka chimafoola anthu mwezi woyamba womwewo.

Nkhani ya chuma ndi yoterera. Mukafunsa munthu kuti amapeza ndalama zingati, sadzakuuzani zoona, ndipo sindimudzudzula. Wina amaopa nsanje, wina amaopa kuchotsedwa pa mndandanda wa thandizo, komanso ambiri ndalama zawo zimabwera mwa nyengo. Funsani zimene munthu angayankhe kuti inde kapena ayi. Kodi m'miyezi 12 yapitayi banja lino linagulitsa chiweto, chida chogwirira ntchito kapena katundu wa m'nyumba chifukwa cha matenda kapena vuto ladzidzidzi? Linatengapo katapila? Lili ndi kangachepe kosunga kamene kangalifikitse mwezi umodzi ngati wopezera banja atadwala? Kukhazikika pa chuma kumaoneka pa tsiku la vuto, ndiye muyeso wanu uloze pamenepo.

Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene bungwe la CARE linawayambitsa ku Niger mu 1991 n'kufalikira m'mayiko ambiri, ali ndi ubwino woti amalemba zonse m'mabuku. Komabe samalani ndi nambala ya ndalama zonse za m'bokosi. Ikhoza kukwera chifukwa cha anthu atatu opata, ena onse ali pomwepo. Werengani mabanja amene ali m'gulu mwa mabanja onse a m'dera, ndiponso ngongole zimene zabwezedwa pa nthawi yake. Kuchuluka kwa ngongole zotengedwa musakutche chitukuko musanafunse kuti zinagwira ntchito yanji.

Za umoyo n'zopepukirapo chifukwa miyeso yake inakhazikitsidwa kale. Chikuku chimafuna kuti ana 95 mwa 100 alionse alandire katemera kawiri kuti matendawa asafalikire. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, osati kanayi ngati kale, ndipo ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59 kuli kalamba koyezera kunenepa kwa mkono: pochepera masentimita 11.5 mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, pamene pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi chenjezo. Sankhanipo umodzi kapena iwiri mwa miyeso imeneyi mothandizana ndi azaumoyo. Chiwerengero cha imfa musachiike ngati cholinga cha dera laling'ono, chifukwa nambala zake n'zochepa moti zimakwera ndi kutsika popanda kukuuzani ngati ntchito yanu ikuthandiza. Ndipo mayina a odwala akhale kwa azaumoyo okha. Pa msonkhano pabwere nambala basi.

Pali msampha umene ndimauona kawirikawiri. Komiti imanena kuti tachita misonkhano 12, tagawa maukonde oteteza ku udzudzu, takumba zimbudzi. Zonsezo ndi ntchito, ndipo n'zoyamikika, koma chimene mukufuna kudziwa n'chakuti ndi ana angati anagona mu ukonde usiku wathawu, ndi zimbudzi zingati zikugwiritsidwa ntchito.

Msampha wina ndi woopsa kwambiri. Nambala ikayamba kupatsa anthu ulemu kapena manyazi, anthu amayamba kukonza nambalayo m'malo mokonza vuto. Katswiri wa zachuma Charles Goodhart anachenjezapo za khalidwe lotere mu 1975. Sukulu ikapanikizidwa kuti ana ambiri akhoze mayeso, pakhoza kupezeka ofooka akuuzidwa kuti asalembe chaka chino. Pofuna kupewa zimenezi, nambala iliyonse ikhale ndi inzake yoilondera: okhoza mayeso muwawerenge pamodzi ndi onse amene anayenera kulemba. Wowerenga asakhale yemweyo amene ntchito yake ikuyezedwa. Ndipo amene wabwera ndi nambala yotsika muzimuthokoza, chifukwa mukamunyoza, ulendo wina adzabwera ndi yabodza.

Zolinga zisachuluke. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zitatu kapena zinayi pa chaka zikwanira, ndipo zisankhidwe pa msonkhano pamene amayi, achinyamata ndi osowa alankhulapo, chifukwa cholinga chimene munthu sanachisankhe sachiyendera mtunda. Zilembeni pa bolodi pamalo pamene anthu amadutsa, pambali pake pali nambala yoyambira ndi dzina la mwini ntchito.

Kumanani miyezi itatu iliyonse, ndipo muyeze mofanana ndi mmene munayezera poyamba. Kankhani ka ana kakhale kofanana kuvuta kwake, mafunso a chuma akhale omwewo. Poyerekeza chaka ndi chaka, tengani mwezi womwewo, popeza mabanja sakhala chimodzimodzi nyengo zonse. Nambala ikapezeka kuti sinasunthe, musathamangire kusintha cholinga. Tengani mndandanda wa mabanja uja, onani kuti otsalirawo ali mbali iti ya dera, ndipo tumani anthu awiri akacheze nawo msonkhano wotsatira usanafike.