Kubzala ndi Kusamalira Duwa la Clivia Pansi pa Mitengo ku Chipata

Pamakomo ambiri mu Chipata pali mitengo ya mango, ndipo pansi pake pamangokhala dothi losesedwa chifukwa maluwa okonda dzuwa sachita bwino pamenepo. Duwa lotchedwa Clivia miniata, lomwe kwawo ndi m'nkhalango za ku South Africa ndi Eswatini, limakonda malo oterewa. Masamba ake ndi aatali ndipo amakhala obiriwira chaka chonse, pamene maluwa ake, amtundu wa lalanje, amamasula pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Likakhazikika limakhala zaka zambiri osafuna kubzalidwanso.

Sankhani malo a mthunzi pomwe kuwala kumadutsa pang'ono m'masamba a mtengo, makamaka mbali ya kum'mawa. Dzuwa la m'mawa silivuta, koma la masana m'mwezi wa Okutobala limawaula masamba n'kusiya zipsera zomwe sizichira.

Nkhani yaikulu ili pa dothi. Mizu ya duwali ndi yonenepa, imasunga madzi, ndipo kwawo kunkhalango imayanza m'masamba owolerana pamwamba pa nthaka, silowa pansi kwambiri. Dothi la katondo, lomwe n'lofala kuno, limagwira madzi nthawi yaitali mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo mizu ikakhala m'matope imawola mwini munda asanazindikire, popeza masamba amachedwa kusonyeza vutolo. Choncho musakumbe dzenje lakuya. Kwezani bedi masentimita pafupifupi 20, ndipo musakanize masamba owolerana, mchenga wa kumtsinje ndi makoko a mtedza omwe aola kale, amene savuta kupeza m'chigawo chino cha Kum'mawa. Makala osweka otsala m'thumba amathandizanso kuti madzi azidutsa msanga. Pobzala yalani mizu bwinobwino, mukwirire mizu yokha, koma pomwe masamba ayambira pakhale pamtunda. Siyani mpata wa masentimita 50 pakati pa mbande.

Anthu ambiri amaliwononga duwali chifukwa cholithirira mopitirira muyezo. M'chilimwe kuthirira kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo musanathire yambani mwapisa chala m'dothi. Ngati muli chinyezi, dikirani. M'nyengo ya mvula simufunika kuthirira n'komwe. M'miyezi yachisanu ya Juni ndi Julayi chepetsani madzi kwambiri, chifukwa kuzizira pamodzi ndi kuuma kumeneku n'kumene kumachititsa kuti duwali lidzamasule. Mukaona phesi la maluwa likusuzumira pakati pa masamba, yambiraninso kuthirira. Manyowa owolerana bwino muziika pamwamba kamodzi pachaka maluwa akatha, ndipo musalime ndi khasu pafupi ndi tsinde, kuopa kudula mizu.

Mdani woopsa ndi mbozi yakuda ya mawanga achikasu, yomwe imaboola tsamba n'kutsika m'kati mwake mpaka kukafika pamtima pa chomera. Imachuluka nthawi ya mvula, ndiye muziyendera masamba kawirikawiri, kudula lililonse lomwe lagwidwa ndi kupha mboziyo isanatsike. Nkhono nazo zimadya maluwa usiku, koma kuzitola ndi manja kumakwanira.

Njira yachangu yochulukitsira ndi kupatula ana omera m'mbali mwa tsinde lalikulu. Chitani zimenezi maluwa akatha, musankhe mwana wa masamba anayi kapena kuposerapo, ndipo mum'dule ndi mpeni wakuthwa pamodzi ndi mizu yake. Musamazule kawirikawiri, pakuti duwali limamasula bwino likathithikana. Njere nazonso zimamera ngati mwazichotsa m'zipatso zomwe zafiira n'kuzikanikiza pamwamba pa dothi lachinyezi zidakali zaziwisi, koma mudzadikira zaka zinayi kapena zisanu kuti muone duwa loyamba. Zipatso zofiirazo zimakopa ana aang'ono, chonsecho chomera chonsechi chili ndi poizoni, motero ngati simukufuna njere, dulani phesi maluwa akangofota.