Mapulotoni, Maelekitironi ndi Kathiridwe Koyenera ka Feteleza

Alimi ambiri amadandaula kuti anathira feteleza wokwanira, koma mvula yamphamvu itagwa kwa masiku angapo, masamba a mbewu zawo anayamba kuchita chikasu. Nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala m'kati mwa atomu, kanthu kakang'onong'ono kosaoneka ndi maso komwe kamapanga zinthu zonse, ndipo mlimi womvetsa nkhaniyi sataya michere yake pachabe.

Atomu iliyonse ili ndi mapulotoni pakati pake, omwe ali ndi mphamvu yamagetsi ya pozitivi, ndiponso maelekitironi kunja kwake, omwe ali ndi mphamvu ya negativi. Ziwirizi zikakhala zofanana m'chiwerengero, mphamvuzo zimafafanizana. Koma atomu ikataya elekitironi, kapena ikalandira ina yowonjezera, imasanduka ayoni, kutanthauza atomu kapena gulu la maatomu lokhala ndi mphamvu ya pozitivi kapena ya negativi, ngakhale kuti mapulotoni ake sasintha. Potaziyamu ili ndi mapulotoni 19, ndipo ikataya elekitironi imodzi imatsala ndi 18, n'chifukwa chake imalembedwa K⁺. Kashiyamu ili ndi mapulotoni 20 ndipo imataya maelekitironi awiri n'kukhala Ca²⁺. Michere yambiri imalowa m'mizu ili maayoni otere, itasungunuka m'madzi a m'nthaka.

Pamene pafunika kutchera khutu kwambiri ndi pa nayitirojeni, chifukwa mbewu zimaipeza m'mitundu iwiri. Amoniyamu, NH₄⁺, ili ndi mapulotoni 11 ndi maelekitironi 10, choncho ndi ya pozitivi, pamene nayitireti, NO₃⁻, ili ndi mapulotoni 31 ndi maelekitironi 32, choncho ndi ya negativi. Tinthu ting'onoting'ono ta dongo ndi ta zinyalala zowolerana timakhala ndi mphamvu ya negativi, ndipo popeza mphamvu zosiyana zimakokana pomwe zofanana zimakankhana, nthaka imagwira amoniyamu, potaziyamu ndi kashiyamu, koma nayitireti imangoisiya m'madzi, ndipo madziwo akamatsika amapita nayo kumene mizu singafike. Zimenezi sizachilendo. M'chaka cha 1850, katswiri wa ku England, J. Thomas Way, anaonetsa kuti madzi okhala ndi amoniyamu akadutsa m'dothi amatuluka ali ndi kashiyamu, amoniyamu ija itatsalira m'dothimo.

Komabe musaganize kuti amoniyamu ikhala chigwirire mpaka kalekale. M'nthaka yofunda ndi yachinyontho, mabakiteriya monga Nitrosomonas ndi Nitrobacter amaisandutsa nayitireti m'milungu yochepa chabe. Pa chifukwa chimenechi, musathire feteleza yense wa nayitirojeni nthawi imodzi. Mugaweni kawiri kapena katatu molingana ndi kakulidwe ka mbewu, makamaka pa dothi lamchenga, lomwe lili ndi malo ochepa kwambiri ogwirirapo maayoni. Feteleza wa CAN ali ndi theka la nayitirojeni yake ngati nayitireti kale, motero amagwira ntchito msanga, koma musamuthire pamene kumwamba kukuonetsa mvula yamphamvu.

Yureya, yemwe ali ndi nayitirojeni yokwana 46 pa 100 aliwonse, ali ndi vuto lakelake. Iye alibe mphamvu ya pozitivi kapena ya negativi kufikira atasanduka amoniyamu patapita masiku ochepa, ndipo akasiyidwa pamtunda, gawo lina limauluka ngati mpweya wa amoniya. Bayani kadzenje pambali pa phando, thiranimo, kenako kwirirani bwino dothi lidakali ndi chinyontho. Ine ndimaona kuti kumwaza yureya pamwamba ndiko kuwononga kwakukulu kumene alimi amachita mosazindikira.

Manyowa okhwima ndi zotsalira za mbewu zimawonjezera malo a negativi m'nthaka, ndipo zikawolerana zimagwira maayoni ambiri kuposa dongo lofiira la kulemera komweko. Musaziwotche, zikwirireni kapena phimbirani nazo nthaka.

Pali ayoni ina yofunika kuiyang'anira chaka ndi chaka, ndiyo H⁺, yomwe ndi atomu ya haidirojeni imene yataya elekitironi yake imodzi yokhayo n'kutsala pulotoni chabe. Amoniyamu iliyonse ikamasanduka nayitireti imatulutsa ma H⁺ awiri, choncho munda wothiridwa feteleza wa amoniyamu kwa zaka zambiri umachuluka asidi. pH, yomwe ndi muyeso wa asidi m'nthaka ndipo imatsika asidi akamachuluka, ikatsika kuposa 5.5, aluminiyamu imasungunuka ngati Al³⁺, imalanda malo a kashiyamu ndi maginiziyamu pa dongo, ndipo mizu imakhala yaifupi, yonenepa kunsonga, yolephera kufunafuna madzi. Zikatero, kuwonjezera feteleza sikuthandiza. Pimitsani dothi lanu, ndipo zotsatira zikaonetsa kuti asidi wachuluka, thirani laimu pa mlingo umene opimawo akuuzani, musakanize bwino ndi dothi kudakali miyezi iwiri kapena itatu musanadzale, chifukwa laimu amasungunuka pang'onopang'ono.