Musanakumbe maziko: nyumba yozizira, yosadya nkhuni ndi mayunitsi

Ambiri omanga nyumba kuno ku Mangochi, makamaka inu amene mumatumiza ndalama kuchokera ku Joni, mumatipeza alangizi nyumba itafoleredwa kale, n'kumafunsa chochita kuti m'nyumba muzigoneka mwezi wa Okutobala. Ena amene mukumanga malo ogona alendo ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear mukufunsa za satifiketi yosonyeza kuti nyumba ndi yosamala chilengedwe. Zonse ziwirizi zimakonzedwa pa pulani, mmisiri asanamange chingwe.

Imodzi mwa masatifiketi odziwika m'maiko ngati athu ndi ya EDGE, yomwe inayambitsidwa ndi bungwe la IFC, nthambi ya World Bank Group. Kuti nyumba iyenere, imafunika kuchepetsa ndi 20 peresenti, poyerekeza ndi nyumba wamba ya m'deralo, magetsi ogwiritsa ntchito, madzi, komanso zimene zimawonongeka popanga zipangizo monga njerwa ndi simenti. Woyendera wovomerezeka amaunika pulani, ndipo nyumba ikatha amatsimikiza ngati zimene munalemba ndi zimene munamangadi. Ntchitoyi ndi yolipira. Kwa ine, banja lomanga nyumba yogonamo lokha lisavutike ndi pepalali, koma mwini loji kapena womanga nyumba zambiri za lendi aliganizire. Malangizo ake okha ndi othandiza aliyense.

Yambani ndi koyang'anitsa nyumba. Makoma aataliwo ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupiwo kum'mawa ndi kumadzulo. Dzuwa la masana likapendeka ndi limene limawotcha khoma lakumadzulo, ndipo njerwa zimasunga kutenthako mpaka pakati pa usiku. Kumeneko musaikeko chipinda chogona kapena windo lalikulu. Ikaniko bafa, sitolo, kapena khonde lotambalala, ndipo dzalaniko mtengo wa mango kapena nimu patali pang'ono ndi maziko. Mawindo akhale oyang'anizana kuti mphepo ya kunyanja ilowe uku n'kutulukira uko, onse okhala ndi sefa chifukwa udzudzu kuno sufunsa.

Denga ndiye nkhani yaikulu. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa pamutu penipeni pa boma lathu, ndipo malata opanda siling'i amasandutsa chipinda kukhala chiwaya. Zimandiwawa kuona munthu atagula malata okwera mtengo akuda bii chifukwa choti ndi amene ali m'fasho, kenaka n'kumagona panja pamphasa. Sankhani malata owala. Ikani siling'i, ngakhale ya bango kapena nsungwi yolukidwa bwino, ndipo siyani timipata totchinga ndi sefa pamwamba pa makoma a m'mbali kuti mpweya wotentha wa pakati pa siling'i ndi malata uzituluka. Malata atulukire kunja mokwanira kuti aziphimba khoma ku dzuwa ndi mvula.

Za njerwa: uvuni uliwonse umadya mitengo ikuluikulu, ndipo nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe zatopa kale ndi makala. Kuyambira 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za bizinesi, ndiye mwini loji asadzati sanamve. M'malo mwake muli mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanidwa ndi makina. Dothi lake liyeseni kaye. Thirani dothi m'botolo la madzi, khutchumulani, lisiyeni usiku wonse: mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Pamafunika mchenga wochuluka ndi dongo lochepa logwirizitsa. Makande a m'dambo amang'aluka, mchenga wokhawokha wa m'mbali mwa nyanja sugwirana. Njerwa zikapanidwa zifunditseni pepala la pulasitiki, muzizithirira, ndipo musathamangire kumangira zisanakhwime. Maziko akhale okwera. Amene anamanga m'mphepete mwa nyanja anaona mmene madzi anakwerera mu 2024.

Zam'kati n'zosavuta. Babu la LED la mawati 9 limawala ngati lakale lija la mawati 60. Madzi osamba atenthedwe ndi giza ya sola, mvula ya padenga itcheredwe m'thanki, ndipo kukhitchini mukhale mbaula ya chitetezo m'malo mwa mafuwa.

Pulani ipite kukhonsolo kuti akaivomereze musanayambe. Wolumikiza mawaya kapena sola akuonetseni chiphaso chake cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi m'dziko lino, asanagwire chilichonse. Malisiti a malata, mababu, mipope ndi mabuloko asungeni mu fayilo imodzi pamodzi ndi zithunzi za siling'i ndi makoma asanapakidwe pulasitala, chifukwa woyendera wa satifiketi ya EDGE uja adzafuna umboni wa zimene zabisika m'kati. Ngati muli kunja kwa dziko, uzani wachibale amene akuyang'anira ntchitoyo kuti azijambula ndi foni gawo lililonse likatha.