Mwana akamadya dothi, makala kapena sopo: momwe mungapezere thandizo kuchipatala

Mwana wosakwana zaka ziwiri amaika m'kamwa chilichonse chimene watola, ndipo izi n'zachibadwa. Koma mwana wamkulupo akamakanda khoma n'kumadya dothi, kutafuna makala, choko, phulusa, sopo kapena tsitsi, mpaka mwezi kutha osasiya, limenelo ndi vuto lomwe madokotala amalitcha pica. Kuno ku Salima ambiri timathamangira chikwapu, ena n'kumati mwana walodzedwa. Zonsezi zimangochedwetsa thandizo, poti kawirikawiri mwana wotere amakhala kuti magazi amuchepera.

Choyamba, onani ngati pali ngozi. Akameza kabatire kozungulira ka mu wotchi, akamwa parafini, akadya mankhwala a makoswe kapena a m'munda, musadikire kuti kuche. Thamangirani ku chipatala cha boma cha Salima, botolo kapena paketi ya chomwe wadyacho ili m'manja. Musamusanzitse, makamaka ngati ndi parafini, chifukwa pobwerera amalowa m'mapapo. Chimodzimodzi mimba ikatupa, mwana akusanza koma chimbudzi osachita: dothi ndi tsitsi zimatha kutseka matumbo.

Ngati palibe ngozi yotere, muyang'anitsitseni kwa masiku ochepa. Akudya chiyani, kangati pa tsiku, akuchipeza kuti? Kokerani pansi chikope chake cham'munsi. M'kati mukakhala motuwa m'malo mofiira, zikhato nazo zayera, mwana akuchita wefuwefu anzake akadali pa mpira, magazi ndi ochepa. Mufunseninso mofatsa ngati akukodza magazi. Ana a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka amakulira m'madzi, likodzo silisowa, ndipo ambiri amabisa.

Kenako tengani buku lake la kuchipatala, mupite ku chipatala chapafupi monga cha Khombedza kapena Chipoka. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu angakuuzeninso poyambira. Apa ndi pomwe makolo ambiri amataya mwayi, ndipo zimandiwawa. Chifukwa cha manyazi amangoti mwana akumva m'mimba, n'kubwerako ndi Panado. Nenani mosabisa: "Adokotala, mwanayu wakhala akudya dothi la pakhoma kwa miyezi iwiri." Pemphani kuti amuyeze kuchuluka kwa magazi, malungo, chimbudzi ndi mkodzo. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zonse zimachepetsa magazi. Magazi akachepa chilakolako cha dothi chimakula, ndipo dothilo limabweretsanso mazira a njoka. Kuchiza chimodzi n'kusiya chinzake, vuto limabwerera. Ngati pamalopo palibe zoyezera, pemphani akulembereni kalata yopita ku chipatala cha boma cha Salima, komwe angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe zikafunika.

Mankhwala mwetsani monga akuuzirani. A njoka nthawi zambiri ndi albendazole, a likodzo praziquantel. Owonjezera magazi amatenga nthawi, mwina miyezi itatu, ndipo amadetsa chimbudzi, choncho musachite mantha n'kusiyira panjira. Musamupatse mwana mapiritsi a magazi omwe amayi analandira kusikelo ali oyembekezera. Asungeni patali kwambiri, chifukwa mwana akamwa ambiri nthawi imodzi akhoza kufa. Tsiku lomwe anena kuti mubwerenso, bwererani kuti amuyezenso.

Pa zakudya sitikusowa. Usipa wodya ndi mutu womwe, chiwindi, mazira, nyemba, bonongwe wotendera. Patsaninso mango, gwafa kapena malambe pa chakudya chomwecho, poti zipatso zimathandiza thupi kuyamwa ayironi, yemwe amafunika popanga magazi. Tiyi amachita zosiyana ndi izi, ndiye asamwere pamodzi ndi chakudya.

Pakhomo matani pomwe amakanda, ikani sopo ndi makala pamwamba, muwengeni zikhadabo, azisamba m'manja ndi kuvala nsapato. Auzeni agogo, azichemwali ake ndi aphunzitsi kuti akamuona asamuseke kapena kumumenya, angomuchotsera chinthucho n'kumupatsa mtedza kapena chipatso. Mwana womenyedwa sasiya, amangodyera kuseri kwa nyumba.

Magazi akabwerera m'malo koma khalidweli osatha, makamaka ngati mwanayo anachedwa kuyankhula, sakonda kusewera ndi anzake, kapena wangodutsa m'zovuta monga maliro a kholo, bwererani ku chipatala cha boma. Pemphani kuonana ndi a zaumoyo wa maganizo kuti aone kakulidwe kake.